MMENE BUNGWE LOTHANDIZA ANTHU LINGAPEZEKERE PA INTANETI

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

 Nkhani yathu ya lero ikhudza mabungwe amene sagwira nchito cifukwa ca phindu, koma kuti athandize anthu: mabungwe olera ana amasiye, othandiza pa maliro, a amai a m'machalichi, a anthu olumala, ndi a amuna amene anapuma pa nchito ya mgodi. Ambiri a inu muli m'makomiti a mabungwe otere. Ena mwa mabungwewa anasonkha ndalama, nalipira munthu kuti awapangire webusaiti, ndilo tsamba lao la pa intaneti. Koma caka cikatha apeza kuti palibe mlendo amene anafikapo. Nanga tsamba lotere lingakonzedwe bwanji kuti wofuna thandizo alipeze?

Musayese nkhaniyi yacabe. Tiyerekeze munthu amene anagwira nchito pansi zaka 20 ku Mufulira, ndipo tsopano ali kwao ku Katete, alikutsokomola ndi kupuma mobanika. Mwana wace atenga foni nalemba mau ocepa pa Google, kuti adziwe kumene atate wace angapimidwe cifuwa, ndi amene angawathandize pa makalata a cipukuta-misozi. Ku Kitwe kungakhale bungwe lodziwa zimenezi bwino lomwe. Koma ngati tsamba lace silituluka pa foni ya mwanayo, kwa iye bungwelo kulibe.

KALALIKI AMENE SAGONA

Makina ofufuzira zinthu pa intaneti alipo angapo. Pali Google, pali Bing ya kampani ya Microsoft imene inayamba m'caka ca 2009, ndi ena. Koma pa dziko lonse lapansi mafunso pafupi-fupi 9 mwa 10 afunsidwa pa Google, cifukwa cace tidzakamba za iyo makamaka.

Anthu ambiri aganiza kuti pamene alemba funso, Google ithamanga nthawi yomweyo kukafuna yankho m'maiko onse. Si momwemo iai. Nchitoyo inacitika kale. Google iri ndi pulogalamu yochedwa Googlebot, imene tingaifanizire ndi kalaliki wosagona usana ndi usiku. Iye ayenda kucoka pa tsamba lina kunka pa lina potsata malinki, ndiwo mau aja amene mukawadina akufikitsani pa tsamba lina. Tsamba liri lonse limene afikapo aliwerenga, nalilemba m'kaundula wamkulu. Tsono inu mukafunsa, makinawo atsegula kaundulayo, nasankha masamba oyenera funso lanu, nawandandalika kuyambira labwino koposa.

Inu a pa migodi mudziwa kuti munthu amene dzina lace mulibe m'kaundula wa kampani salandira kanthu pa tsiku la malipiro, ngakhale anakhetsa thukuta mwezi wonse. Cimodzimodzi tsamba limene silinalembedwe. Motero coyamba ndico kuona ngati lanu linalembedwa. Lembani pa Google mau akuti site: ndi kutsatizapo keyala ya tsamba lanu, osasiya mpata pakati. Pakatuluka mndandanda wa masamba anu, ndiye kuti kalaliki anafikako. Pakapanda kutuluka kanthu, pali cifukwa. Kapena tsambalo ndi latsopano. Kapena palibe tsamba lina liri lonse lolozako, kotero kuti kalaliki sadziwa njira. Kapena mmisiri amene analimanga anatseka citseko. Ici cotsiriza cicitika kawiri-kawiri. M'pulogalamu ya WordPress, imene masamba ambiri amangidwa nayo, muli kabokosi kopempha makina ofufuzira kuti asalembe tsambalo. Mmisiri akacongako pamene nyumba isanathe, ndipo akaiwala kukamasula, tsambalo lingathe kukhala lobisika zaka.

Palinso cipangizo caulere cimene kuyambira 2015 cichedwa Google Search Console. Mlembi wa bungwe akalembetsa tsamba kumeneko, akhoza kupereka kwa kalaliki mndandanda wa masamba onse a bungwelo. Koposa apo, aona mau eni-eni amene anthu analemba asanaone tsambalo, ndi kuti linaoneka kangati, ndi kuti ndi angati amene analitsegula. Sicilira ngakhale ngwee imodzi.

LEMBANI MONGA AFUNSIRA WOBVUTIKA

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Makina afananiza mau a wofunsa ndi mau a pa tsamba. Zoona, masiku ano azindikira mau ofanana tanthauzo, koma sangathe kulota cimene simunalembe. Bvuto la makomiti ambiri ndi lakuti alemba pa tsamba cinenero comweco cimene alembera malipoti kwa opereka ndalama. Anena kuti bungwe lao “lilimbikitsa umoyo wabwino ndi citukuko ca anthu m'madera.” Mau okoma ndithu, koma kodi mwana uja wa ku Katete adzalemba otere? Iai. Iye adzalemba za kupimitsa cifuwa ca a pa mgodi, za nthenda ya pfumbi imene madokotala aicha silicosis, ndi dzina la tauni. Tsamba limene liri ndi mau amenewo, nilimuuza kuti ku Kitwe kuli Occupational Health and Safety Institute kumene apima a pa migodi, ndi kuti ofesi yaikulu ya Workers' Compensation Fund Control Board iri ku Ndola, ndi makalata amene ayenera kunyamula, ndilo limene liri ndi mwai wakutuluka.

Kodi mau amenewa mungawapeze kuti? Funsani munthu amene akhala pa khomo la ofesi yanu, kapena amene ayankha foni. Iye adziwa mafunso khumi amene anthu abwera nao masiku onse, ndi mmene awachulira. Alembeni monga momwe anenedwera. Funso liri lonse lalikulu likhale ndi tsamba lace-lace. Bungwe limene lipereka cakudya kwa ana amasiye, nililipira ndalama za sukulu, niliphunzitsa amai kusoka, lisaunjike zonsezi pa tsamba limodzi, pakuti wofunsa za ndalama za sukulu afuna yankho la cinthu cimodzi cokha, ndipo makina adzasankha tsamba lokamba cimeneco mokwanira.

Tsamba liri lonse liri ndi mutu, ndiwo mzera uja wa zilembo zazikulu umene muuona pa mndandanda wa Google. Pamenepo pakwana zilembo ngati 60. Zoposa apo zidulidwa. Masamba ambiri a mabungwe ali ndi mutu wa liu limodzi la Cingerezi, lakuti Home kapena Welcome. Kutero kuli ngati sitolo imene pa cikwangwani pace analembapo “Khomo” m'malo mwa kunena zimene agulitsa. Mutu wabwino unena nchito, malo ndi dzina: “Thandizo la ana amasiye ku Chingola,” ndi dzina la bungwe pambuyo pace. Pansi pa mutu pakhala mau ofotokoza, a zilembo ngati 155. Amenewa sakweza tsamba pa mndandanda, ndipo nthawi zina Google isankha yokha mau ena a m'tsambamo. Koma akalembedwa bwino ndiwo amene akopa munthu kuti atsegule.

Cenjerani ndi zithunzi. Mabungwe ambiri asindikiza cidziwitso ca msonkhano pa pepala, nacijambula ndi foni, naika cithunzico pa tsamba. Munthu wopenya awerenga, koma musadalire kuti kalaliki wathu adzawerenga mau a m'cithunzi. Tsiku, malo ndi nthawi zilembedwe ndi zilembo zeni-zeni pansi pace. Ndiponso cithunzi ciri conse cipatsidwe mau ocepa onena cimene cirimo. Kutero kuthandiza makina, kuthandizanso abale athu osaona, amene mafoni ao awawerengera masamba mokweza.

Komatu musaganize kuti kubwereza liu limodzi ka 50 kudzakukwezani. Kale ena anali kucita cinyengo cotere, nabisa mindandanda ya mau kumbuyo kwa tsamba. M'caka ca 2009 Google inanena poyera kuti mndandanda wobisikawo siuwerengera konse poika masamba m'malo ao. Ndipo mu 2011 inasintha kasankhidwe kace kuti itsitse masamba opanda nzeru zeni-zeni ndi ongokopera za ena. Lembani monga mulikulankhula ndi munthu wokhala patsogolo panu.

Cinanso ndi cinenero. Masamba a Cingerezi ndi osawerengeka, ndipo bungwe laling'ono lilimbana ndi zimphona. Koma masamba a m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde ndi ocepa ndithu. Bungwe limene lilemba yankho lomveka m'cinenero ca anthu ace lipeza msika wopanda opikisana nao ambiri. Cinenero ciri conse cikhale pa tsamba lace, osasakaniza. Ndipo Cingerezi cisatayidwe, pakuti ambiri afunsa m'Cingerezi, ndi opereka ndalama omwe.

NENANI KUMENE MULI NDI AMENE MULI

Munthu wa ku Luanshya akafunsa za thandizo, makina ayesa kumuonetsa za pafupi naye. Tsono tsamba lanu linene poyera dzina la tauni, komboni ndi mseu, nambala ya foni, ndi masiku ndi maola amene ofesi ikhala yotsegula. Bungwe lokhala ndi ofesi yofikako anthu likhoza kulembetsa kwaulere pa Google Business Profile, kuti lioneke pa mapu. Dzina ndi keyala zilembedwe mofanana ponse-ponse. Ngati pa tsamba munalemba dzina lonse, pa Facebook zilembo zoyamba zokha, ndi pa mapu keyala ya kumene munasamukako zaka zitatu zapitazo, makina asokonezeka, ndi munthu yemwe ataya ndalama za basi pacabe.

Onetsaninso kuti ndinu oona. Mbala zopempha ndalama m'dzina la ana amasiye zilipo, ndipo anthu ali ndi cifukwa cakukaika. Lembani nambala imene bungwe linalembetsedwa nayo ku Boma, maina a akulu a komiti, ndi lipoti la caka ndi caka la mmene ndalama zinayendera. Google inanena kuti masamba okamba za umoyo ndi za ndalama iwayang'ana mosamala koposa ena, cifukwa bodza pa zinthu izi lipweteka anthu. Motero mukalemba za nthenda, dokotala kapena namwino ayambe waona, ndipo tsambalo linene amene anaona ndi tsiku lace.

MBONI

Tiyerekeze tsopano kuti masamba 100 onse ayankha funso limodzi bwino. Loyamba lidzakhala liti? Funso limeneli ndilo linabala Google. M'caka ca 1996 ophunzira awiri a pa Stanford University ku California, Larry Page ndi Sergey Brin, anayamba kuyesa njira yatsopano. Mu 1998 anaifotokoza poyera, nayambitsa kampani yao. Makina a masiku amenewo anali kudalira kwambiri kuwerenga mau a pa tsamba lokhalo, ndipo kuwanyenga kunali kwapafupi. Anyamata awa anati: tisamve zokha zimene tsamba lidzinenera, koma tione amene alilozera. Linki iri yonse yocokera pa tsamba lina anaiyesa umboni. Njirayi inachedwa PageRank.

Ife sitidabwa nazo izi, pakuti pa bwalo la milandu munthu sadzicitira umboni yekha, ndipo mnyamata wofuna banja apita ndi ankhoswe. Tidziwanso kuti mboni sizilingana. Mau a mfumu imodzi yodziwika alemera koposa a anthu khumi ongodutsa. Momwemonso linki yocokera pa tsamba limene masamba ambiri alilozera ilemera koposa yocokera pa tsamba losadziwika. Lero Google iyang'ana zizindikiro zina zambiri, koma umboni wa malinki ukali ndi mphamvu.

Pamenepa mabungwe othandiza anthu ali ndi mwai woposa amalonda, pakuti abwenzi ali nao kale. Chalichi cimene cinakubalani, bungwe la anchito a pa migodi, khonsolo ya tauni, kampani imene inakupatsani njerwa, bungwe la kunja limene likutumizirani ndalama: ambiri a amenewa ali ndi masamba ao. Alembereni kalata yaulemu, kuwapempha kuti pochula dzina lanu aikepo linki. Mtola-nkhani wa Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail akabwera pa mwambo wanu, mpatseni keyala ya tsamba. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo mukalemba cinthu cimene ena acifuna, monga mndandanda woona wa makalata ofunika popempha cipukuta-misozi, ena adzakulozerani osapemphedwa.

Koma mboni zogula ndi ndalama ziononga mlandu. Mudzalandira makalata ocokera kwa anthu osawadziwa, olonjeza malinki 1,000 kapena malo oyamba pa Google mukalipira. Musataye ndalama za amasiye. M'mwezi wa April 2012 Google inakhazikitsa njira yogwira malinki acinyengo, ndipo masamba ambiri amene anawagula anagwa. Google yokha icenjeza kuti palibe munthu angalonjeze malo oyamba. Pa mndandanda wa masiku onse malo sagulitsidwa. Zolipiridwa ndi zolengeza malonda zokha, ndipo zimenezo zikhala ndi cizindikiro cace.

FONI NDIYO KHOMO LALIKULU

Mmisiri aonetsa komiti tsamba pa kompyuta ya mu ofesi, ndipo onse aomba m'manja. Koma amene mufuna kuwathandiza adzaliona pa foni yaing'ono, ndi bandulo ya ndalama zocepa. Mu April 2015 Google inayamba kukweza masamba owerengeka bwino pa foni. Mu 2016 inalengeza kuti kalaliki wace adzayamba kuwerenga masamba monga aonekera pa foni, ndipo mu 2023 inanena kuti kusinthako kunatha. Tsono yesani tsamba lanu pa foni yochipa koposa imene iri m'komiti. Kodi zilembo ziwerengeka osazikuza? Kodi cala cikhoza kudina malo oyenera?

Cimene cicedwetsa masamba kawiri-kawiri ndi zithunzi zolemera. Cithunzi cocokera m'foni cikhoza kulemera 4 MB. Zikakhala 10 pa tsamba limodzi, ndi 40 MB, ndipo munthu wosauka adzatseka tsambalo lisanatseguke. Zithunzi zomwezo zikacepetsedwa kufika 200 KB cimodzi, zonse pamodzi zingolemera 2 MB, ndipo maso saona kusiyana pa foni. Onaninso kuti keyala yanu iyamba ndi https, osati http. Cilembo cotsirizaco cisonyeza kuti zimene munthu alemba pa tsambalo ziyenda zotsekedwa. Google inayamba kuciwerengera mu 2014, ndipo kuyambira 2018 pulogalamu yace ya Chrome icenjeza anthu kuti tsamba lopanda ico ndi losatetezedwa. Ndani adzatumiza copereka pa tsamba lotere? Ciphaso cace cipezeka kwaulere ku bungwe lochedwa Let's Encrypt, limene linayamba kuzipereka mu 2015.

KEYALA IKHALE YA BUNGWE

Keyala ya pa intaneti sigulidwa kwamuyaya. Ibwerekedwa, ndipo ilipiridwa nthawi ikakwana, kawiri-kawiri caka ndi caka. Mabungwe ambiri asankha yotha ndi .org, kuno kwathu kulinso yotha ndi.org.zm, ndipo maina a .zm ayang'aniridwa ndi ZICTA. Cofunika ndi ici: keyala ilembetsedwe m'dzina la bungwe, osati la mnyamata wodzipereka amene mawa adzapeza nchito ku Solwezi nacoka ndi mau acinsinsi otsegulira. Akulu awiri a komiti asunge mau amenewo, ndipo msungi-cuma alembe m'buku lace tsiku lolipira. Keyala ikatayika, munthu wina akhoza kuitenga, ndipo mboni zonse zimene munasonkhanitsa zaka zambiri zidzalozera ku nyumba ya mlendo.

Ena adzati, ife tiri ndi Facebook ndi WhatsApp, tsamba ndi la ciani? Zimenezi ndi zabwino pokambirana ndi amene akudziwani kale. Koma zokambidwa m'magulu a WhatsApp ndi m'magulu otsekedwa a Facebook kalaliki sazifika, ndipo mlendo sangazipeze. Ndiponso imeneyo ndi nyumba yomangidwa pa malo a mwini, amene asintha malamulo ace osakufunsani. Zofunika zikhale pa tsamba lanu, ndipo ku Facebook muziika linki yolozera kumeneko.

Pali thandizo lina loyenera kulidziwa. Kuyambira 2003 Google iri ndi cikonzero cimene lero cichedwa Google Ad Grants, copatsa mabungwe othandiza anthu mwai wolengeza nchito zao pa makina ace kwaulere, kufikira mtengo wa madola 10,000 a ku America pa mwezi. Si ndalama zolandira m'manja iai, koma malo olengezera. Bungwe liyenera kukhala lolembetsedwa mwa lamulo, la m'dziko limene liri pa mndandanda wao, ndi lokhala ndi tsamba labwino. Maofesi a Boma, zipatala ndi masukulu salowamo. Taonani kuti ngakhale apa tsamba lokonzeka ndilo liyamba.

Masiku ano anthu ena afunsa mapulogalamu oyankha ngati munthu, monga ChatGPT imene inatuluka mu 2022. Ndipo kuyambira 2024 Google yomwe iika yankho lolembedwa ndi makina pamwamba pa mafunso ena. Izi zasintha maonekedwe, koma makinawo atunga m'citsime comweco, ndico masamba olembedwa ndi anthu. Bungwe limene silinalembe kanthu komveka silidzachulidwa ngakhale kumeneko.

PA MSONKHANO WOTSATIRA

Zipatso za nchito imeneyi sizioneka m'sabata imodzi. Nthawi zambiri papita miyezi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma tsamba losiyidwa lifota ngati munda wosapalira: nambala ya foni yakufa ndi cidziwitso ca msonkhano wa zaka zinai zapitazo ziuza mlendo kuti bungwe linatha. Sankhani munthu mmodzi woliyang'ana mwezi ndi mwezi, nabweretsa ku komiti ziwerengero za ku Search Console pamodzi ndi lipoti la ndalama.

Tsono, amai ndi abambo, pa msonkhano wanu wotsatira wapampando atulutse foni, nalembe funso limene wobvutika angalembe, osachula dzina la bungwe. Ngati tsamba lanu silituluka, yambani ndi zinthu zinai: onani ngati linalembedwa m'kaundula, konzani mitu ya masamba kuti inene nchito ndi tauni, lembani mayankho a mafunso khumi aja, ndipo tumizani makalata asanu kwa abwenzi opempha malinki. Zonsezi zilira nthawi ndi khama, osati ndalama.

Sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za mmene bungwe lingalandirire zopereka pa foni popanda kutaya ciwerengero cace. Amene muli ndi mafunso pa nkhani ya lero, tilembereni. Tsalani bwino nonse.